Zapachulu, ndi Tsiku Limene Ndinathawitsa Amuna Onse

Ana inu mwandivutitsa mokwanira. Dzulo Lonjezo wafunsanso kuti, "Agogo, zapachulu ndiye kuti chiyani?" Ndinamuuza kuti akafunse anganga ake. Anganga akewo amubweza kwa ine. Ndiye ndatenga kope ili. Ndilemba kamodzi. Wofuna kumva kawiri awerenge kawiri.

Mawuwa mumawamva tsiku ndi tsiku pakhomo pano. Mwana akathyola mpini n'kuyamba kufotokoza za mbuzi ya eni ake, anganga anu amati, "Nena zapachulu, ndiwo zikupserera." Kutchalitchi mkulu wa mpingo akatalikitsa zolengeza, amayi a kumbuyo amagwedezana n'kumati, "Awa sadziwa zapachulu." M'buku la kusukulu musakawafune, mulibe. Mukakawanena ku Limbe adzakuyesani anthu osaka ngumbi. Ndi mawu athu a kuno ku tiyi, ndipo odziwa kumene anachokera tatsala ochepa.

Tanthauzo lake ndi ili. Zapachulu ndi uthenga waufupi wouza anthu onse nthawi imodzi. Si miseche, chifukwa miseche imayenda chapansipansi. Si mlandu, chifukwa mlandu umafuna woyankha. Umanena chinthucho, tsiku lake, malo ake, n'kutsika. Aphunzitsi a ku mishoni ankati chidziwitso. Ku ofesi ankati notisi, koma notisi ndi pepala. Zapachulu zinali za pakamwa.

Chulucho chinalipodi. Pa esiteti imene ndinagwirako ntchito ndili mnyamata, pakati pa komboni ndi shedi yoyezera tiyi, panali chulu chachitali kuposa denga la nyumba ino. Chiswe chinali chitasamukamo kalekale. Pambali pake panali mkuyu, ndipo pamkuyupo anapachikapo chidutswa cha njanji. M'mawa uliwonse, anthu asanamwazikane m'minda, wolengeza ankamenya njanjiyo katatu ndi nyundo, n'kukwera pachulu, n'kunena zimene zachokera ku ofesi. Wailesi kunalibe. Wailesi yathu inali ya miyendo iwiri, ndipo inkatsokomola.

Inu mukaona tiyi mumaona kukongola kwa minda. Ife tinkaona msana. Dengu kumbuyo, chingwe pamphumi, manja awiri onse akutchola: masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka maso kuchita chidima. Chiperoni chikatsika, jasi yathu inali thumba la saka lopindira kumutu. Nsapato zinali za kalaliki ndi mzungu basi. Iwe Giresi umalira nsapato ikang'ambika pang'ono. Ine zanga zoyamba ndinavala ndili ndi ana awiri, ndipo zinandiluma mwezi wathunthu.

Wolengeza amene ndinamupeza pa esitetipo anali a Mulepa. Anali munthu wamkulu, wadazi, wochokera kuseri kwa phiri la Mulanje monga makolo anga. Pa nkhondo ya Jeremani anakasenza katundu wa asilikali, n'kubwerako amoyo. Mawu anali nawo. Akakuwa pachulu, agalu a kutsidya kwa khwawa ankayankha. Vuto linali limodzi. Sankatha.

Ankayamba chonchi, ndi moni wa chilankhulo cha kwawo: "Moseliwa, abale anga a nyumba za kumtunda! Moseliwa, a kumunsi! Ndamva kuti mwana wa a Jemusi wamera dzino, tithokoze. Ndamvanso kuti nkhuku ya mayi ena inagona kwa eni ake, sinditchula dzina, mwini wake akundiyang'ana." Akatero ankalowa nkhani ya mvula ya chaka chatha, n'kudutsira ku nkhondo, n'kubwerera ku nkhuku ija. Pomaliza penipeni ndi pamene unkamva kuti mawa tibweze zikwanje ku sitolo.

Anthu ankati zolengeza za a Mulepa ndi kalongonda. Inu kalongonda simumudziwa, mumafuna nyemba zopsa msanga. Uja umamuphika kuyambira m'mawa, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka dzuwa kupendeka. Ukafulumira, akuledzeretsa. Koma akapsa, amakoma. Anthu ankadandaula, komabe ankaseka, ndipo palibe ankachoka.

Wosaseka anali mzungu wathu. Dzina lake lenileni linkatipweteka lilime, ndiye tinkamutchula kuti Msangamsanga. Ankaima pakhonde la ofesi, wotchi m'manja, nkhope ikufiira pang'onopang'ono ngati tsabola. Tsiku lina kalaliki anamuuza kuti pali mnyamata wina, Jailosi, amene anafika Sitandade 2 pa sukulu ya a Sabata, amawerenga pepala, ndipo salankhulalankhula. Jailosiyo ndine. Anandiitana, n'kundipatsa nyundo.

M'mawa mwake ndinamenya njanji, n'kukwera.

"Mawa munda wa kukhwawa. Mubwere ndi makasu. Basi."

Ndinatsika. Anthu anangoima, kudikira zotsala. Mayi wina wa pakamwa pakuthwa, mkazi wa a Jemusi aja, anafunsa kuti, "Watha?"

"Ndatha."

"Iii! Ngakhale moni?"

"Moni."

Anaseka mpaka ena anakhala pansi. Mawu aja anabadwa tsiku limenelo. Munthu akayankha mnzake mwachidule, ankati, "Wandipatsa zapachulu za Jailosi." Kunali kundinyoza. Popita kwa nthawi dzina langa linagwa m'njira, mawu n'kutsala. Chiyambi chake n'chimenecho. Iwe Lonjezo ukhoza kutseka kope pano ngati wafunsa zokhazo. Koma ndikudziwa kuti simutseka, chifukwa anganga anu sanalowe m'nkhani.

A Mulepa anawatumiza kukaluka madengu. Munthu amene ankapatsa moni ngakhale abakha ankandidutsa ngati chitsa. Ine sindinadandaule. Ndinkayenda ndi nyundo m'lamba ngati msilikali.

Pa anthu otchola tiyi panali mtsikana wina, Esinati. Manja ake ankayenda ngati akuimba ng'oma. Dengu lake linkadzaza ena asanafike pakati. Ndinamuyang'ana nyengo yonse ya chisanu, nthawi yodulira tiyi, osanena kanthu. Mvula itayamba, masamba ataphuka, ndinamupeza pa mzere wa kusikelo.

"Ndikukufuna," ndinatero.

Sanatembenuke. "Zapachulu zimenezo?"

"Eya."

"Kazineneni kwa atsibweni anga."

"Ndani?"

"Amene munawatsitsa pachulu aja."

Mukudziwa mwambo wathu. Bambo amabereka, koma mawu omaliza pa mwana ndi a mlongo wa mayi ake. Esinati anali m'manja mwa a Mulepa. Pa anthu onse a pa esiteti, ine ndinakalanda nyundo kwa munthu mmodzi yekhayo amene ndinayenera kumusenzera nkhuni.

Ndinatuma achimwene anga, a Dolofi, kuti akakhale nkhoswe. Anapita kawiri. Kawiri konse anabwera atatopa, mutu utadzaza nkhani za nkhondo, yankho alibe. Ulendo wachitatu anabwera ndi nkhani yoipa. Kunali munthu wina wogwira ntchito ku sitima ku Khonjeni, wa chipewa ndi nsapato, amene ankafunanso Esinati. A Mulepa ankamukonda chifukwa ankadziwa kumvetsera ndi kuyankha kuti "zoona, bambo" pa malo oyenera. Nkhoswe yake inali kubwera Lamulungu kudzamva mawu omaliza.

Sabata yomweyo, Lachitatu, kalaliki anandipatsa pepala lalitali. Linkanena kuti kumidzi ya kumunsi kwagwa nthomba, ndipo boma likutumiza dokotala kudzapereka katemera, amuna Lachinayi, akazi ndi ana Lachisanu. Ndinaliwerenga lonse. Ndinaona kuti mawu achuluka. Ndinadula monga ndinkadulira tiyi. Ndinati zifukwa akaziona okha akafika.

"Mawa m'mawa amuna onse ku ofesi. Kukubwera a boma ndi dokotala. Malaya mukavule. Basi."

Palibe anaseka. Ngakhale mkazi wa a Jemusi sanatsegule pakamwa. Ndinati lero andimvera bwino.

Ine nkhondo ya Jeremani inandipeza ndili mwana woyenda chinochino. Sindinkadziwa kuti amuna a msinkhu wa achimwene ndi a bambo anawatenga ndi mawu omwewo. Anawaitanira ku ofesi. Kunabwera a boma ndi dokotala. Anawavula malaya, kuwagogoda pachifuwa, amene anaoneka olimba n'kuwasenzetsa mabokosi kulowera kumpoto. Ambiri sanabwerere. Ine ndinatenga mawu amenewo, ndi kuwakuwa pachulu, ndi kuwonjezera "basi."

Lachinayi m'mawa ndinamenya njanji katatu. Kunabwera akazi, nkhalamba ziwiri ndi galu. Ndinamenyanso. Kunabwera galu wina.

"Amuna ali kuti?"

"Apita kokadula nsungwi," anayankha mkazi wa a Jemusi.

"Onse?"

"Nsungwi zake n'zambiri."

Amunawo anali atathawira m'nkhalango ya kuphiri, ena kwa abale awo ku Goliati. Khukhi wa mzungu anasiya phala pamoto. Mlonda anasiya chibonga pakhomo la fakitale. A Dolofi, nkhoswe yanga, m'bale wanga wa bere limodzi, anathawa osandidzutsa n'komwe. Mpaka lero mbumba yawo ndimaikumbutsa.

Dokotala anafika ndi kabokosi kake, n'kukhala pakhonde la ofesi kuyang'ana bwalo lopanda anthu. Inali nyengo ya mvula, imene tiyi sadikira munthu. Ukamusiya masiku ochepa, masamba amakhwima. Msangamsanga sanafiire tsiku limenelo, anachita kuyera. Analankhula zambiri pachizungu. Kalaliki anandimasulira mwachidule, monga ine ndinkakondera: amuna akapanda kubwera pofika mawa, ndipinde mphasa yanga ndichoke pa esiteti. Ntchito sindinaiganize kwambiri. Ndinaganiza za chipewa cha ku Khonjeni.

Ndinathamangira pachulu. "Si nkhondo! Ndi katemera!"

Mayi wina wachikulire, amene mwamuna wake anatsalira kumpoto, anandiyang'ana. "Nthawi ija anatinso si nkhondo, mwanawe. Anati ndi ulendo wa masabata awiri."

Ndinabwereza katatu. Mawu anga anali aafupi, analibe miyendo yokafikira kuphiri. Akazi anatola madengu awo n'kumapita. Esinati anatsalira m'mbuyo, akukonza chingwe cha dengu chimene sichinaduke.

"Pitani kwa atsibweni," anatero osandiyang'ana. "Ndipo mukayambe ndi moni, a Jailosi. Sapha munthu."

Pa amuna a kukomboni, a Mulepa okha ndi amene sanathawe. Ndinawapeza pakhonde, mpeni m'manja, akusenda nsungwi. Ndinaima patsogolo pawo.

"Bambo, ndithandizeni."

Anakweza nsungwi ija n'kuifunsa kuti, "Iwe nsungwi, wamva munthu akupereka moni pano? Ine sindinamve. Mwina ndi mphepo."

Ndinakhala pansi, pa dothi lonyowa. Ndinaomba m'manja. Ndinafunsa mmene adzukira. Anandiuza, kuyambira msana mpaka chala cha kuphazi. Ndinafunsa za amayi a kunyumba. Anandiuza. Ndinafunsa za chimanga, za nandolo, za mbuzi, za mwendo umene unavulala kunkhondo. Mwendowo wokha unatenga nthawi yophikira mbatata. Mafunso anandithera. Iwo anangosenda nsungwi yawo, kudikira ena. Ndinayang'ana uku ndi uku, thukuta likutsika, n'kufunsa za mphaka amene anagona pamphasa.

"Si wanga," anatero. "Koma wafunsa bwino. Tsopano nena."

Ndinanena zonse, osadula. Ndinawawerengera pepala lija kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinamufunsa kalaliki dzulo lomwe, iwe utangotsika."

"Ndiye bwanji simunandiuze, bambo?"

"Unandifunsa?"

Anapitiriza kusenda nsungwi.

"Iwe umaganiza kuti ine ndinkataya nthawi. Ndisanakwere pachulu ndinkakhala ndi kalaliki, kumufunsa kuti chifukwa chiyani, atero ndani, nanga akakana chichitika n'chiyani. Ndikakwera ndinkayang'ana nkhope. Uyu wagona ndi njala, uyu mwana wake akudwala, uyu akamva mawu oti boma amafuna pothawira. Anthu samva ndi makutu okha, mnyamata iwe. Amamvanso ndi zipsera. Bweretsa nyundoyo."

Masana, akazi atabwera kusikelo, a Mulepa anamenya njanji. Kumenya kwawo kunali kosiyana ndi kwanga, ndipo akazi anakuzindikira. Anatula madengu. Mkuluyo anapereka moni kwa aliyense, kutchula dzina la mayi ndi la mwamuna wake wodula nsungwi. Anafunsa za dzino la mwana wa a Jemusi. Kenako anafotokoza za nthomba, mmene inatengera alongo awo awiri kwawo kuja m'sabata imodzi, ndi mmene mayi awo anawabisira iwo m'nkhokwe. Atatero analowa ku nkhondo.

"Nkhondo ine ndinaisenza pamutu mpaka tsitsi linatha. Onani dazili. Fungo lake ndimalidziwa. Nkhondo imabwera ndi asilikali ndi zingwe. Sibwera ndi munthu mmodzi wowonda, wa kabokosi, amene akuopa ngakhale tsekwe wa bwana."

Akazi anaseka. Kunali kuseka koyamba chiyambire Lachitatu. A Mulepa anatsika, n'kuyenda mpaka pakhonde la ofesi, gulu lonse pambuyo. Anavula malaya, n'kupereka mkono. Dokotala anawakanda ndi kachitsulo kake.

"Mayo ine! Ndafa!" anakuwa a Mulepa. Kenako anayang'ana pamkonopo. "Basi? Nthata za m'mphasa yanga zimaluma kuposa apa." Anandigwira pakhosi n'kundikankhira kutsogolo. "Uyu mumuteme kawiri. Kamodzi ka nthomba, kena ka pakamwa."

Chipsera chake ndi chija mumachikanda mukandikwera pamwendo. N'chimodzi. Dokotala sankamva Chinyanja.

Akazi ankadziwa bwino kumene kunali nsungwi. Madzulo ananyamula chinangwa chophika kupita kuphiri, ndipo nkhani inapita nawo yonse, ndi dazi lomwe, ndi tsekwe yemwe. Lachisanu m'mawa amuna anayamba kutulukira mmodzimmodzi. Aliyense anali ndi nsungwi paphewa, kuti mkazi wake asaoneke wabodza. Ankaiponya pafupi ndi chulu, n'kuvula malaya, osayang'ana munthu kumaso. Mulu wake unakula kuposa chulucho. A Mulepa analukira madengu chaka chathunthu osapita kuphiri. A Dolofi anabwera ndi ziwiri. Manyazi awo anali aakulu.

Mphasa yanga sindinaipinde. Koma Lamulungu linali mkuja.

Lachisanu lomwelo ndinapitanso kwa a Mulepa, ndekha, chifukwa nkhoswe yanga inkabisala. Ndinapereka moni wonse, mpaka mphaka. Ndinanena za Esinati. Ndinanena za makolo anga, kumene anachokera, munda umene ndingalime, nyumba imene ndingamange. Chibadwire ndinali ndisanalankhule motalika choncho. Nsagwada zinandiwawa.

"Ndamva," anatero. "Mawa nyundo ija undibwerekenso."

Ndinabwerera osadziwa ngati ndapeza kapena ndataya.

Loweruka m'mawa anthu ataona kuti wagwira nyundo ndi a Mulepa, anakonzeka. Amayi anamasula ana kumbuyo n'kukhala pansi. Nkhalamba zinatulutsa fodya. Msangamsanga anatulutsa wotchi, n'kuibwezanso m'thumba, poti tsopano ankadziwa mtengo wa pakamwa paja. Ine ndinaima kuseri kwa mkuyu. Esinati ankakonzanso chingwe chake chosaduka chija.

A Mulepa anakwera. Anatsokomola. Anayang'ana kumtunda, n'kuyang'ana kumunsi.

"Esinati. Jailosi. Tikakolola. Mubwere ndi njala."

Anatsika.

Anthu anangoti kakasi. Mkazi wa a Jemusi anaimirira. "Mwatha, a Mulepa?"

"Ndatha. Ndaphunzira kwa mkamwini."

Nthungululu zake zinamveka mpaka ku fakitale. Ndipo mudziwe kuti chonenedwa pachulu sichinkabwezedwa. Nkhoswe ya ku Khonjeni itafika Lamulungu, inapeza nkhani itafika kale kwa ogulitsa nsalu a ku Goliati. A Mulepa anamulandira bwino mlendoyo. Anamufotokozera kukana kwawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo munthuyo anachoka akuthokoza.

Nyundo anandibwezera. Ndinalengeza zaka zambiri pambuyo pake, mwachidule ndithu, koma ndinawonjezera ziwiri: moni kumayambiriro, chifukwa chake kumapeto. Nkhani ikakhala yoopsa, ndinkayamba ndakhala pakhonde la a Mulepa. Ndiye amene amakuuzani kuti zapachulu ndi kungodula mawu sakudziwa. Dula, koma usiye chifukwa. Ngakhale tiyi podulira timasiya pophukira.

Chulu chija anachigumula ndi thirakitala pamene ankakuza msewu. Njanji sindidziwa amene anaitenga. Mawu okha ndi amene atsala, m'kamwa mwa anganga anu.

Iwowo aima kumbuyo kwanga pano, akuwerenga masamba a kope ndi chala. Akuti, "Onsewa, a Jailosi? Atsibweni akanakhala moyo akanakunyadirani. Tanenani zapachulu, ndiwo zikupserera."

Chabwino. Moni, ana inu. Mawa m'mawa nonse kumunda wa chinangwa. Mubwere ndi makasu. Malaya musavule. Chifukwa chake: mumadya.